Injini Yosowa pa Njanji ya Anyali

Kupolisi kuli milandu imene aliyense amaithamangira, ndiye palinso ija imene amangoti, "Mupatseni Sajeni." Mbuzi ikadya maluwa a eni ake, ndi ya Sajeni. Amuna awiri a ndevu zawo akalimbirana wilibala, ndi ya Sajeni. Mayiyu anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, miyendo inkamutupa kunja kukatentha, ndipo zofunsa kuti bwanji ine anazisiya kalekale. Choncho m'mawa umenewo atauzidwa kuti kuli nkhalamba ina yaberedwa sitima, anyamata a pa kauntala atagwira nthiti ndi kuseka, iye anangovala chipewa chake n'kunyamuka.

Nyumbayo inali yakale, ya malata a dzimbiri, ndipo pageti panali pataima galimoto yoyera yonyezimira, yongosweka galasi la kumbuyo, imene sinkagwirizana nayo n'komwe. Mwini nyumba anamuchingamira pakhonde: bambo wochepa thupi, shati yosita bwino yopisira, zala zili guluu yekhayekha. Anthu a mumsewumo ankawatchula kuti Anyali, chifukwa moyo wawo wonse anagwira ntchito ku njanji, m'kanyumba koyatsira nyali zouza sitima kuti iime kapena idutse.

"Akutumani nokha, mayi?"

"Ndekha, bambo."

"Palibe kanthu, bola mwabwera. Polowa musamale chigongono, kuseri kwa chitseko kuli mlatho."

Sajeni ankayembekezera kachidole ka ana, koma zimene anaona zinali zina. Chipinda chonse chinali tebulo limodzi lalikulu, ndipo patebulopo panali dziko. Njanji zopyapyala ngati zingwe za nsapato zinkazungulira siteshoni ya makatoni, n'kuwoloka mtsinje wa vanishi wouma, n'kukalowa m'phanga la phiri lofika pachifuwa pa munthu. Phirilo analiumba ndi waya wa khola la nkhuku ndi nyuzipepala zonyika m'guluu. Udzu unali utuchi wopaka penti wobiriwira, mitengo inali ya waya ndi siponji, ndipo miyala ya m'njanji unali mchenga wosefedwa ndi kasefa ka tiyi. Pa benchi la timitengo ta machesi panakhala kamayi kosema pa sopo, kakudikira sitima, kamtolo kake kali pambali.

"Zonsezi nokha?"

"Chitisiyireni mayi a m'nyumba muno. Chinali chipinda chathu chogona ichi. Ndinaona kuti ndikangokhala manja lende ndipenga."

Chosowacho chinali injini yokoka mabogi, yakuda, yachitsulo, yotalika ngati chikhatho. Malemuwo ndi amene anawagulira popuma pa ntchito. Anyali anafotokoza mwadongosolo, osasakaniza, ngati akupereka lipoti kwa bwana wawo wakale.

"Dzana madzulo ndinaiimika pa siteshoni apa, n'kukiya chipinda. Dzulo m'mawa ndinapita kuchipatala kukapimitsa magazi. Tsikulo anandikonzera ndi mwana wanga wachisamba, mwini galimoto ili panjayo. Pobwera masana, mabogi ali pomwepo, injini palibe."

"Kiyi mumasunga kuti?"

"Pamsomali wa kuseri kwa kabati. Apabanja onse akudziwa."

Sajeni anawerama n'kusuzumira m'phangamo. Njanji inkakhota mumdima, osaoneka kanthu.

"Umu mwafunamo?"

Anyali anamuyang'ana ngati wawatukwana.

"M'phirimo muli kanjanji kapambali, zoona. Ndimabisamo injini ndikamapala mapiri ndi sandipepa, kuopa fumbi. Koma onani nyali ya pakhomo la phangapo." Analoza kanyali kakang'ono kamene kankayaka phee. "Yobiriwira. Ndiye kuti mulibe kanthu, ndifunenso chiyani? Sitima ikalowa m'phanga, dzanja ili limayatsa yofiira ndisanaganize n'komwe. Ku ntchito kwathu ukaiwala zimenezo, mawa lake kuli maliro a anthu osawerengeka. Sindinaiwalepo, ndipo sindingayambe lero."

Atatero anakankha chitseko mpaka chinatsekeka, mawu n'kutsitsa.

"Mayi, ndikuuzeni zoona. Injiniyo itapita, ndingalire n'kusiya. Koma ana anga anakhala pansi n'kugwirizana kuti mutu wanga wayamba kubalalika. Akuti ndikadzangotayanso chinthu ndekha, adokotala asaina kalata yoti mutu wanga watha, nyumba ino igulitsidwe, ine ndikakhale m'kachipinda ka kuseri kwa wachisambayo. Njanji iyi siingapite nane. Ndipezereni wakuba, mayi. Popanda wakuba, ine ndatha."

* * *

Wachisambayo anali pakhonde, atatsamira chipilala, akuseweretsa makiyi a galimoto. Anali munthu wa mu ofesi, wa aja amakupatsa moni maso ali pa foni.

"Mayi Sajeni, pepani kwambiri takutayitsani nthawi. Ndine ndinawalola adadi kuti akuitaneni, kuti mtima wawo ukhale pansi. Koma muno mulibe wakuba. Ndi ukalamba basi."

"Ukalamba umanyamula injini?"

"Simukuwadziwa. Mwezi watha makiyi a nyumba anapezeka mu firiji. Magalasi awo, m'chitini cha shuga. Tsiku lina anasiya simbi ili pamoto, nyumba yonse ikanapsa. Ife tikuvutika, mayi. Ine tulo sindikuliona."

Nkhope yake inali ya munthu wogona bwino kwambiri.

"Zinthu zimenezo ankazipeza ndani?"

"Ineyo. Mwamwayi ndimakhala ndabwera kudzawaona."

"Dzulo m'mawa munali kuti?"

"Ku ntchito, mpaka madzulo. Mukhoza kufunsa aliyense."

Sajeni ankadziwa kuti aliyense ndi mboni yovuta kuipeza. Anafunsa ngati mnyamatayo amalowa m'chipinda cha sitima chija.

"Chimwalirireni amayi sindinapondemo. Chimandipweteka mtima." Anapumira m'mwamba, kenako n'kuyandikira. "Koma mukafuna bwinobwino muipeza momwemo. Mukayang'ane m'phiri lawo lija. Ndikufuna muione ndi maso anu, pasadzakhale wonena kuti ana akunamizira kholo lawo."

Sajeni anali atakumana ndi anthu oitana polisi a mitundu yonse. Uyu sankafuna wofufuza, ankafuna mboni yovala yunifolomu. Ndipo kwa munthu amene sanapondemo m'chipindamo, ankadziwa bwino zedi poyenera kuyang'ana.

* * *

Kuseri kwa nyumba kunali mayi wochapa, akuyanika zovala. Atangoona chipewa cha polisi, beseni linamupulumuka.

"Ine ayi, bwana, pali Mulungu kumwamba! Chitsulo chimenecho ndichite nacho chiyani, ndiwaphikire ana? M'chipindamo anandiletsa kalekale. Ndinalowamo tsiku limodzi ndi kansanza, ndaona utuchi uli mbwee patebulo, ndati koma agogo awa ndi uve, ndapukuta. Kani ndapukuta dambo lonse lodyera ng'ombe! Anandikwiyira mpaka ndinkaopa kuwapatsa moni."

"Sindinabwere kudzakumangani. Agogowa amaiwalaiwala?"

"Agogo? Iii! Pegi imodzi ikasowa pachingwe apa amandifunsa. Ine ndi amene ndimaiwala, iwo n'kumandikumbutsa."

"Nanga makiyi a mu firiji aja?"

Mayiyo anatola beseni lija, n'kulipukuta ndi chitenje ngakhale linalibe dothi. Maso ake anathamangira kukhonde.

"Bwana, ine ndimachapanso kwa achimwenewo. Ndikatsegula pakamwa ndiluza konsekonse."

"Dzina lanu sindilitchula."

"Ine ndimangoona basi. Zinthu zimasochera tsiku lomwe abwera iwowo, ozipeza n'kukhalanso iwowo. Agogo amangogwira mutu, kumadzifunsa okha." Anatsitsa mawu. "Lero m'mamawa ndinayambira kwawo. Thalauza lomwe anavala dzulo, m'maondo monse muli utuchi wobiriwira, womata ndi guluu. Ndalitikita ndi sopo mpaka zala kuwawa. Tandiuzani inu ophunzira, ku ofesi anthu amakwawa?"

* * *

Nyumba yoyandikana inali ya kalipentala, bambo wamtali wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Sajeni anamupeza akupala thabwa pansi pa mtengo, pensulo ili kukhutu.

"Utuchi ndimawapatsa ndine, tebulo ndinakhoma ndine," anatero asanafunsidwe. "Ngati mwabwera kudzandimanga, muyambe ndi msana wangawu, wanditopetsa."

"Munthu angalowetse bwanji dzanja m'phiri lija?"

"Chapansi. Ndinaboola kachitseko kunsi kwa tebulo, chakukhoma uko, kuti sitima ikagwa m'katimo azitha kuitola. Koma pamafunika kukwawa ndithu. Akuluwo maondo anatha kalekale. Ikagwa amandiitana pampanda, wokwawa ndine."

"Dzulo kapena dzana anakuitanani?"

"Ayi."

"Wina wodziwa za kachitsekoko ndani?"

Kalipentala anasiya kupala. Anayamba kuchotsa tizipalo pa thabwa, kamodzikamodzi, ngati ntchito yofunika kwambiri.

"Mayi, ine ndimakhala bwino ndi aliyense mumsewu muno."

"Sindinafunse zimenezo."

"Mwana wawoyo anabwera pano masiku apitawa, akuti akufuna ndimupangire shelefu. Za shelefu sitinakambe n'komwe. Anangofunsa za phiri, kuti kunsi kwake ndinakupanga bwanji. Ine kusangalala, ndimati mwana wayamba kukonda zinthu za bambo ake. Ndinamujambulira mpaka pansi ndi chala."

"Dzulo m'mawa, akuluwo ali kuchipatala, munaona galimoto yoyera pageti?"

"Magalimoto oyera ndi ambiri, mayi."

Sajeni anadikira. Kudikira ndi ntchito yokhayo imene zaka zinamuphunzitsa bwino. Kalipentala anakanda m'mutu, nayang'ana kumpanda, nayang'ananso thabwa lake.

"Koma yosweka galasi la kumbuyo ndimadziwa imodzi yokha."

* * *

Sajeni anavula chipewa, anagwada, nalowa kunsi kwa tebulo akutukwana chamumtima tsiku limene analembedwa ntchito. Mawaya ankamukola m'tsitsi. Pansi panali fumbi la miyezi, losakanikirana ndi utuchi wobiriwira ndi madontho a guluu, ndipo m'fumbimo munali njira ziwiri zopukutika, za maondo a munthu amene anakwawa posachedwa. Anapeza kachitseko kaja, anakatsegula, napisa dzanja.

Injini inali momwemo, yozizira, yolemera. Koma sinali panjanji. Inali itapendekeka, mawilo a mbali imodzi ali mumchenga. Injini yolowa yokha imaima mawilo onse ali panjanji. Iyi inaikidwa ndi dzanja la munthu wopapasa mumdima.

Potuluka anapeza bambo ndi mwana ataima pakhomo.

"Mwaona, adadi?" anatero wachisamba. Mawu anali achisoni, koma maso ankawala. "Mayi Sajeni, mwadzionera nokha. Ndimanena zomwezi."

Anyali analandira injiniyo ndi manja awiri. Sanaiyang'ane. Maso awo anali pa kanyali kaja. Anakhala pa mpando pang'onopang'ono ngati munthu wodwala.

"Yobiriwira," ananong'ona. "Ndinalowetsa sitima, osayatsa yofiira? Ineyo?"

Sajeni anauzapo anthu ambiri uthenga wa maliro pa ntchito yakeyi, ndipo nkhope imeneyi ankaidziwa. Zinamuwawa. Anauza mnyamatayo kuti akadikire panja, natseka chitseko, nakoka kampando kena n'kukhala moyang'anizana nawo.

"Bambo, simunaiwale kanthu. Ndimvereni bwino. Injiniyi sinalowe yokha, mawilo ake anali pambali pa njanji. Inalowetsedwa ndi dzanja kudzera pa kachitseko ka kunsi, ndipo inu kumeneko simungafikeko, maondo anu anatha kalekale. Munthu wina anakwawa pansi apa dzulo muli kuchipatala. Phiri amalidziwa, koma inu sakudziwani. Akanakudziwani akanayatsa yofiira."

"Ndani?"

Sajeni anayang'ana kuchitseko. Pakhonde makiyi a galimoto ankalira, akuzunguzidwa pa chala.

Anyali anamvetsera kulirako kwa nthawi ndithu.

"Makiyi a mu firiji aja?"

"Ndikuganiza choncho."

"Simbi ija? Ndinkalumbira kuti ndinazimitsa."

"Munazimitsa, bambo."

Kwa kanthawi nkhope yawo inawala. Miyezi yonseyi ankadziopa okha, kubwerera pakhomo kukagwira loko kawirikawiri, kudzifunsa mayina a zidzukulu kuti aone ngati akadalimo m'mutu. Tsopano mutu wawo unali bwinobwino. Koma chimwemwe chotere sichikhalitsa, poti chinabwera chitagwirana dzanja ndi nkhani ina. Kuwala kuja kunazima, ndipo anaoneka okalamba kuposa mmene analili m'mawa.

"Ndikanena kuti sindine ndinaiika, chichitike n'chiyani?"

"Ndimutenga lero lomwe. Wanamiza polisi, ndipo amafuna kukulandani nyumba mwachinyengo. Mboni ndili nazo. Nyumba ikhala yanu, njanji yanu, palibe dokotala angasaine kanthu."

"Iyeyo?"

"Ntchito imuthera. Mwina n'kukalowa m'ndende."

"Ali ndi ana kusukulu."

"Ndikudziwa."

"Mkazi wake ndi wodwaladwala. Kamtsikana kawo kakang'ono kaja kamati kakabwera kuno, kamaima pomwe mwakhala inupo, ine n'kumakayendetsera sitima. Ndidzakauza kuti bambo ako ali kuti?"

"Bambo, iye sanakuganizireni inu. Wakhala akukupengetsani dala, kukuyang'anani m'maso mukudzikayikira. Munthu wotere mukakhala kuseri kwa nyumba yake, mukuganiza kuti akakusamalani bwanji?"

"Sakandisamala, ndikudziwa." Anapukuta mchenga pa mawilo a injini ndi chala chachikulu. "Koma si iye anandibereka, mayi. Ndinamubereka ndine."

Sajeni anayesa njira zonse zimene ankadziwa. Anati angomuopseza mnyamatayo, osamutsekera. Anati aitane ana enawo amve zoona. Anyali anapukusa mutu: ana enawo akamva, banja latha pomwepo, ndipo malemu anawasiyira ana ogwirizana. Anaimirira, anakonza shati yawo, natsegula chitseko.

"Lowa, mwana wanga."

Mnyamatayo analowa, foni ili m'manja.

"Ndakumbukira tsopano," anatero Anyali, mawu ali bwinobwino, akumuyang'ana m'maso. "Ndinaiika ndine m'phangamo. Ndinaiwala kuyatsa nyali. Mayi Sajeni, mundikhululukire, muno munalibe wakuba."

"Bambo, ganizani bwino. Mawu amenewo ndikapita nawo, sabwereranso."

"Pitani nawo."

Wachisamba anayang'ana bambo ake, nayang'ana Sajeni, ndipo anazindikira kuti onse awiri akudziwa. Sajeni anadikira, akuyembekeza kuti mwina agwada, mwina anena liwu limodzi lokha. Koma mnyamatayo anathawitsa maso n'kuyang'ana pansi.

"Musadandaule, adadi. Tikakusamalani bwino."

Anatuluka msangamsanga, ndipo asanafike pageti anali atayamba kale kulankhula ndi adokotala pa foni. Sajeni anapsa mtima, koma mlandu wopanda wodandaula si mlandu. Anali atapeza wakuba amene Anyali anamutuma kufuna, ndipo analibe kopita naye.

Anyali anatsegula zenera n'kuitana kalipentala pampanda. Bamboyo anabwera akupukuta manja, naima pakhomo osafuna kulowa.

"Mubwere ndi sowo wanu mawa. Tebulo ili silingatuluke pakhomo lathunthu, ndipo sindifuna kuti adzaliphwanye anthu osalidziwa."

"Akulu, dikirani kaye. Mwina zinthu zisintha."

"Sizisintha. Ndibwerekeni pensuloyo."

Kalipentala anaichotsa kukhutu n'kupereka. Anyali anachotsa timitengo tingapo, anasuntha ting'ombe, natsamira patebulo.

"Muyambire apa, kunsi kwake kulibe mawaya. Mukafika pa mtsinje mupite pang'onopang'ono, vanishi amathetheka."

"Nanga zidutswazo tizipititse kuti?"

"Kumene ndikupitako kuli malo a bedi lokha."

Anayamba kujambula mzere, kuchokera m'mphepete mwa tebulo, kudutsa dambo, kudula njanji, mpaka kukhoma. Sanagwiritse rula. Mzerewo unatuluka wowongoka bwinobwino, wosagwedera pena paliponse. Dzanja la munthu wobalalika mutu silijambula chotero, koma Sajeni analibenso womuuza zimenezo.